Yadi ya ku Kanengo pa sikelo ya HO: ndiyambe ndi decoder ya phokoso kapena njanji?

Kanengo87 walemba:

Moni akuluakulu nonse. Ndikufuna kuyala kanjanji ka masitima ang'onoang'ono m'chipinda cha mamita 3 mulitali ndi 2.5 mulifupi kuno ku Area 25. Denga ndi la malata, siling'i ilipo koma fumbi limalowabe. Cholinga ndi kupanga malo ofanana ndi yadi ya ku Kanengo: njanji zitatu kapena zinayi zoyandikana, nkhokwe za chimanga kumbuyo, shedi ya fodya, ndi mabogi a feteleza oti azilowetsedwa ndi kutulutsidwa.

Zomwe zilipo kale ndi mutu umodzi wa sitima wa dizilo wa HO (sikelo ya 1:87) woyendera DC (liwiro lake limatsata mavoti a pa njanji), uli ndi soketi ya mapini 8 mkati yolowetsamo decoder, mabogi 6 akale a kampani ya Lima, ndi njanji zachitsulo zomwe zayamba dzimbiri. Ndalama ndi zokwanira chinthu chimodzi chachikulu chaka chino. Ndigule decoder ya phokoso (kabolodi ka magetsi kolowetsa m'mutu wa sitima) kuti injini izilira ngati yeniyeni, kapena mutu wachiwiri wa mtundu uja wokhala ndi timapaipi ndi tizogwirira tambiri? Chinanso, njanji ya kwathu kuno ndi yopapatiza kuposa ya ku Ulaya. Kodi HO wamba idzaoneka yabodza? Thandizeni nzeru.

Wamapoyinti walemba:

Achimwene, pa ziwiri mwatchulazo musayambe ndi china chilichonse. Yambani ndi njanji. Yadi ndi malo oyenda pang'onopang'ono, ndipo chimene chimaulula kuti ichi ndi chidole si kusowa kwa timapaipi ayi, ndi mutu woima wokha pa mapoyinti (pamene njanji imapatukira) mpaka muukankhe ndi chala, kapena wonyamuka mothamanga ngati minibasi yolimbirana anthu. Mutu wotsika mtengo woyenda mosadukiza umaoneka weniweni kuposa wodula wojejema.

Werengani liwiro motere. HO ndi 1:87, ndiye sitima ya makilomita 30 pa ola imayenera kutha mita imodzi ya njanji yanu m'masekondi pafupifupi 10. Ya makilomita 50 pa ola, masekondi 6 ndi pang'ono. M'yadi, pokankha mabogi, mita imodzi izitenga masekondi 20 kapena 30. Pa liwiro limenelo mutu ulibe mphamvu yodumphira malo akuda, kachidontho kamodzi ka dzimbiri kamauimitsa.

Njanji zachitsulozo zichotseni, zisungeni zoikapo mabogi pa shelefu. Gulani za nickel silver, zazitali zopindika zija za mamilimita 914. Zimada nazonso, koma sizichita dzimbiri ngati chitsulo, ndipo solder imagwira mosavuta. Pa msinkhu wa njanji, kuchokera pansi kufika pamwamba, pali miyeso yotchedwa code 100, 83 ndi 75. Code 100 ndi mamilimita 2.54, ukachulukitsa ndi 87 ikupitirira mamilimita 220, kutalika komwe njanji yeniyeni siifika. Ngakhale yolemera ya UIC 60 ndi mamilimita 172 okha. Code 75 ndiye imaoneka bwino pa njanji yopepuka ngati ya kuno. Vuto ndi mabogi anu a Lima: milomo ya mawilo ake ndi yakuya, pa code 75 imagunda timano togwira njanji, bogi n'kumadumphadumpha. Musankhe chimodzi. Mukhale pa code 100 n'kupenta mbali za njanji utoto wa dzimbiri kuti kutalikako kubisike, kapena musinthe mawilo onse muike achitsulo a muyezo wa RP-25, a milomo yosaya. Mukasankha kusintha, yezani kaye kutalika kwa ekiselo ndi vernier, chifukwa makampani amasiyana. Yaifupi imagwedera, yaitali imamanga. Mpata wa pakati pa misana ya mawilo awiri ukhale mamilimita 14.4 mpaka 14.5. Ukachepa kapena kupitirira, bogi imakwera pamphuno ya mapoyinti (kansonga kaja pamene njanji ziwiri zimakumana) n'kugwa.

Magetsi musawadalitse tizitsulo tolumikizira njanji. Timamasuka, timada, pakatha chaka mbali ina ya yadi imafooka. Pansi pa thabwa muyendetse nthambo ziwiri zazikulu za 1.5 mm², ndipo chidutswa chilichonse cha njanji chikhale ndi tinthambo take tiwiri towotcherera kunsi kapena kumbali yakunja, tosapitirira masentimita 20. Kuyesa kwake n'kosavuta mukadzafika pa DCC (kuyendetsa mitu ndi malamulo a digito opita ku decoder kudzera m'njanji): ikani K10 yachitsulo pamwamba pa njanji ziwirizo kumapeto kwenikweni, makina azime pompo. Akachedwa kuzima, nthambo zanu n'zoonda kapena pena sipanagwire.

Mapoyinti atengeni okhala ndi mphuno yachitsulo, Electrofrog kapena Unifrog a Peco, ndipo mphunoyo muipatse magetsi kudzera pa switch yosintha pamodzi ndi mapoyinti. A mphuno ya pulasitiki ndi osavuta kulumikiza, koma mutu waufupi umafera pomwepo. Pa Electrofrog musaiwale zolumikizira za pulasitiki pa njanji ziwiri zotuluka ku mphunoyo, apo ayi ndi shoti nthawi iliyonse mwatembenuza.

Tsono za nyengo yathu. Pansi pa malata mu Okutobala chipinda chimatentha kwambiri, mu Juni usiku chimazizira. Njanji ya mamilimita 914 imatalika ndi mamilimita pafupifupi 0.3 kutentha kukakwera ndi madigiri 20, ndipo thabwa limafufuma m'dzinja n'kufota m'chilimwe, lomwe limasuntha kuposa chitsulocho. Mukawotcherera mfundo zonse, njanji imapindika ngati njoka. Wotchererani za pokhota zokha, pa zowongoka siyani kampata ka theka la milimita. Pulayiwudi ya mamilimita 9 kapena 12 muipake vanishi mbali zonse ndi m'mphepete momwe, miyendo isagunde khoma, ndipo muzisuzumira pansi pake chifukwa chiswe sichisankha. Fumbi la Ogasiti mpaka mvula yoyamba ndiye mdani wamkulu: nsalu yopepuka yofunditsa yadi yonse ndi yotsika mtengo kuposa china chilichonse mudzagule. Popukuta njanji gwiritsani kansalu kosathothoka ndi isopropyl. Sandipepala ayi, imasiya timikwasa tomwe timasunga litsiro.

Pokhota pasachepere mamilimita 457, ndipo ngati malo alola fikani 550 kapena 600. M'chipinda chanucho shelefu ya masentimita 50 kapena 60 yotsata makoma awiri ingakupatseni yadi yooneka bwino kuposa thebulo lozungulira lapakati.

NaBanda_12mm walemba:

Zanjanji a Wamapoyinti anena zoona, ine ndiyankhe za kupapatiza. Njanji ya Malawi ndi mamilimita 1,067, chimodzimodzi ya Mozambique, Zambia ndi South Africa. HO wamba ndi mamilimita 16.5, amene akuimira 1,435. Kuti zifanane pa 1:87 pakufunika 12.3, ndiye kusiyana kwake ndi mamilimita 4. Kumbali simungakuone. Mumakuona mukayang'ana sitima kumaso: ya kwathu thupi lake limasefukira kunja kwa njanji, limaoneka lonenepa pa miyendo yopanikizana, pomwe pa 16.5 mawilo amatulukira m'mbali.

Njira zilipo zitatu kwa wofuna zolondola. Yoyamba ndi HO pa njanji ya mamilimita 12. Tengani ya HOm, Peco ndi Bemo amapanga, osati ya TT, chifukwa ngakhale mpata ndi womwewo masilipa a TT ndi ang'onoang'ono, anapangidwira 1:120. Yachiwiri ndi 1:64 pa njanji ya 16.5, imene anzathu a ku New Zealand ndi ku Australia amaikonda. Mota ndi mawilo a HO zimagwira, koma thupi lililonse mumapanga nokha ndipo nyumba zimadya malo. Yachitatu ndi 1:120 pa njanji ya N ya mamilimita 9, yomwe imalondola bwino kwambiri poti 1,067 kugawa ndi 120 ndi 8.9.

Koma bambo, kunena mosabisa, kwa munthu amene ali ndi mutu umodzi ndipo chilichonse ayenera kuitanitsa kunja, khalani pa 16.5. Kupanikiza mawilo a mutu wa HO kuti afike pa 12 si kukankha chabe: bokosi la magiya nthawi zambiri ndi lalikulu kuposa mpata wotsalawo. Ambiri opanga masitima a South Africa amayendetsa pa 16.5, ndipo Lima yomweyo inkapanga mitu ndi mabogi a kumeneko pa njanji imeneyi. Frateschi ya ku Brazil ili ndi GE U20C ya HO, mtundu umene wagwira ntchito kwambiri ku Mozambique, ndiye maonekedwe ake si achilendo kuno. Mutu wa ku America wa masiku ano ndi wautali kwambiri m'litali ndi m'mwamba momwe, pa yadi ya Kanengo sungakhale bwino ngakhale muupente chotani. Yadiyo muikweze ifike mamita 1.2 kapena 1.3 kuchokera pansi kuti muziionera m'mbali, kupapatizako kudzaiwalika.

Za mutu wa tizidutswa tambiri, ine sindiulimbikitsa pa yadi yogwiragwira. Tizogwirira ta pulasitiki yoonda timathyoka pongounyamula, ndipo chothyoka kuno simuchipeza pa shopu. Ta waya timapirira. Mungathe kupanga nokha ndi waya wa brass wa mamilimita 0.3 kapena 0.4: palani takale toumbidwa pathupi ndi kampeni, boolani ndi kabowolero kadzanja, pindani waya ndi pulayala, dontho la supagulu mkati.

DCC_Biwi walemba:

Akulu, ine ndisiyana pang'ono ndi a Wamapoyinti. Njanji iyambe, inde, koma decoder si phokoso lokha. Decoder yabwino imamva kuzungulira kwa mota n'kumaonjezera mphamvu pamene yalemedwa, ndipo pa njanji pamakhala mavoti onse nthawi zonse, pafupifupi 14 pa HO. Pa DC poyenda pang'onopang'ono pa njanji pamakhala mavoti 2 kapena 3 okha, n'chifukwa chake kafumbi kochepa kamaimitsa mutu. Ndiye DCC imathandiza chomwecho chimene iwo akufuna. Ngati ndalama zachepa, tengani decoder yopanda phokoso, mtengo wake ndi kachigawo chabe ka yaphokoso.

Soketi yanu ya mapini 8 ndi NEM 652. Zulani kapulagi kotsekera, lowetsani decoder, pini 1 ndi ya waya wa olenji. Mukailowetsa chozondoka siipsa, kungoti mutu umayenda chobwerera ndipo nyale siziyaka. Mitundu ya mawaya ndi iyi: wofiira ndi wakuda ku njanji, olenji ndi wotuwa ku mota, woyera nyale yakutsogolo, wachikasu yakumbuyo, wabuluu ndi wa onse. Chimene chimapsereza decoder ndi kukhudza chitsulo cha chimango, kapena waya wa mota kukhudzana ndi wa njanji. Matani tepi pa chimangocho, decoder yokhayo musaikulunge chifukwa imafuna mpweya.

Poyamba muiyese pa njanji yokonzera decoder, adiresi yake ikhala 3. Ma CV ndi manambala osinthira kachitidwe ka decoder. CV2, ya mavoti oyambira, muikweze pang'onopang'ono mpaka mutu uzingoyamba kukwawa pa sitepe yoyamba. CV5 muitsitse kuti liwiro lomaliza likhale la makilomita 50 kapena 60 pa ola, potero masitepe onse agwire ntchito m'yadi. CV3 ndi kanyamukidwe, CV4 kaimidwe. Pa muyezo wa NMRA, bungwe la ku America la okonda masitima ang'onoang'ono, nambala iliyonse ndi masekondi 0.896 kuchoka poima kufika liwiro lonse, ndiye 20 ikupatsani masekondi pafupifupi 18. Ma decoder ena a kampani ya ESU amawerengera mosiyana, onani kabuku kake. Pa yadi yaifupi CV4 isapitirire 10, mungagunde kumapeto. CV29 imabwera nthawi zambiri ili 6. Lembanimo 2 kuti isamavomere DC. Zimenezi n'zofunika kuno: magetsi akabwera mwadzidzidzi, decoder ikhoza kuganiza kuti ili pa DC n'kuthamanga ndi liwiro lonse. Zikasokonekera, ma decoder ambiri amabwerera mwakale mukalemba 8 mu CV8.

Makina oyendetsera simukakamizika kugula odula. DCC-EX imamangidwa ndi Arduino Mega, motor shield ndi kabolodi ka WiFi, n'kumayendetsa ndi Engine Driver pa foni ya Android. Pa shield wamba ya Arduino dulani kanjira ka VIN kunsi kwake, apo ayi mavoti 15 a njanji alowa mu Mega. Chaja ya laputopu ya mavoti 19 musaiyese. Chilichonse chochokera ku America werengani kumbuyo kwake: chikalembedwa 100–240V chili bwino, chikalembedwa 120V chokha chipsa pa 230 yathu. Magetsi akazima zulani pulagi kukhoma.

Tsopano phokoso lenilenilo. Ma decoder a phokoso a LokSound 5, Tsunami2 ndi Zimo onse ndi abwino, koma chimamveka ndi sipika ndi bokosi lake. Kasipika ka mamilimita 11 ndi 15, ka ma ohm 8, kakhale m'kabokosi komatidwa kosatuluka mpweya. Kakabooka pang'ono mawu amaonda. Voliyumu ya kufakitale ndi yokwera kwambiri, itsitseni kufika theka kapena kuchepera. Muyezo wanga ndi woti mutu ukapita kumapeto ena a yadi uzimveka kuti uli kutali. Belu lizimitseni, ndi khalidwe la ku America. Hutala ndi kulira kwa mabuleki n'zokwanira. Ndipo dziwani kuti phokoso limaulula njanji yakuda kuposa china chilichonse: magetsi akaduka kamphindi, injini imazima n'kuyamba kulizidwanso pakati pa ulendo. Mankhwala ake ndi keep-alive, capacitor yosunga magetsi kwa kamphindi. Musalumikize capacitor ku njanji mwachindunji, DCC imasinthasintha mbali ndipo iphulika. Imapita pa waya wabuluu ndi pa GND ya decoder, ndi resistor ya ma ohm 100 ndi diode, capacitor yake ya mavoti 25. Ma decoder ena ali ndi malo akeake olumikizira.

Kanengo87 walemba:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndiye ndagwira izi: njanji ndi mapoyinti kaye, decoder yopanda phokoso pambuyo, ndikhala pa 16.5. A Wamapoyinti, mabogi a Lima aja ali ndi zokolera zazikulu zamalupu, ndipo akamakankhidwa pokhota amagwa. Ndi zokolerazo kapena kupepuka? Mayi NaBanda, mabogiwo akuwala ngati atuluka kumene m'shopu, ndiwadetse bwanji osawaononga?

Wamapoyinti walemba:

Zonse ziwiri, achimwene. Muyezo wa NMRA pa HO ndi magalamu 28 kuonjezapo 14 pa mamilimita 25 alionse a kutalika kwa bogi. Ya masentimita 15 ikhale magalamu pafupifupi 110. A Lima ambiri safika pamenepo. Matani mawashala kapena manati pansi penipeni mkati, pamwamba pa mawilo, mbali zonse mofanana. Chofunika kwambiri n'choti mabogi alemere mofanana. Yopepuka ikakhala pakati pa zolemera ndiyo imafinyidwira kunja.

Zokolerazo pa Lima zimakhala pa kangolo ka mawilo, ndiye pokankha mphamvu yonse imapotoza kangoloko. Ziduleni, muike zokolera za Kadee pathupi la bogi, nambala 5 kapena 148. Zimafanananso ndi zokolera zachibakera za masitima a kuno. Ngati mutu wanu uli ndi thumba la chokolera la muyezo wa ku Ulaya wa NEM, zake ndi nambala 17 mpaka 20, zimangosiyana kutalika. Pakati pa chokolera pakhale mamilimita 9.9 kuchokera pamwamba pa njanji, ndipo gulani kachoyezera kake kamodzi, musayeze ndi maso. Kawaya kolendewera kaja kakatsika kamakola pa mapoyinti, kapindeni pang'ono m'mwamba. Zokolera zapathupi zimafuna pokhota potakasuka, pamenepo m'pomwe 550 ija ikuthandizeni.

NaBanda_12mm walemba:

Bambo, apa ndiye pokoma, ndipo sipafuna ndalama zambiri. Tsukani thupi la bogi ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale, liume, kenaka lipopereni vanishi wosawala mopyapyala. Mawindo, mawilo ndi zokolera muzichotse kapena muziphimbe. Vanishiyo yekha amachotsa theka la chidole, ndipo amapatsa choko pogwira. Musapopere tsiku la mvula kapena lachinyezi, amayera ngati ufa.

Tengani choko cha pastel chouma, osati chamafuta: chofiirira, chakhofi, chakuda ndi chotuwa. Chipereni pa sandipepala, muzipaka ndi burashi yofewa. Fumbi limachokera pansi kukwera, ndiye kunsi kwa bogi kuchuluke, kumwamba kuchepe. Dzimbiri ndi mvula zimachokera pamwamba kutsika, mizere yake iwongoke. Pa mutu, mwaye wakuda pozungulira potulukira utsi ndi madontho owala pothira dizilo. Mabogi a feteleza amadyeka ndi kuyera m'mphepete mwa zitseko. Fumbi la Lilongwe ndi lofiira, musatengere zithunzi za ku Ulaya zomwe litsiro lake ndi lotuwa. Pitani mukajambule nokha pamalo pomwe msewu umadutsa njanji, muli kunja kwa mpanda. Asafanane onse: awiri akhale akuda kwambiri, atatu pakatikati, mmodzi wooneka watsopano. Mukapoperanso vanishi pamwamba choko chimazilala, ndiye bwerezani kawiri.

Pansi pa yadi gwiritsani dothi lenileni. Katondo muumitse, mumuwotche pa chiwaya kuti tizilombo tife, mumusefe ndi sefa ya tiyi, kenaka muyendetsemo maginito. Sitepe ya maginitoyi musaidumphe: tizitsulo ta m'dothi timakokedwa ndi mota ndi sipika. Miyala ya njanji ndi fumbi la kwale losefa, timiyala tosafika milimita imodzi. Yalani ndi burashi, nyowetsani ndi madzi okhala ndi dontho la sopo, kenaka donthezani guluu woyera wa matabwa wosakaniza theka ndi theka ndi madzi. Pa malilime a mapoyinti guluu asafike. Dothi likanyowa ndi guluu limada kuposa mmene linalili, choncho yesani kaye pa kachidutswa. M'yadi masilipa ambiri akwiririke, udzu umere pakati pa njanji za m'mbali. Chingwe cha khonje chodula sentimita imodzi ndi theka chimapanga tsekera wouma wabwino kwambiri.

Miyeso ina yokuthandizani: munthu ndi mamilimita 20, chimanga chokhwima 23 mpaka 28, mizere ya malata yotalikirana pang'ono kuchepera milimita imodzi. Malata amatheka ndi foyilo yokhuthala ya m'mbale zotengera chakudya, mukaikanda pamwamba pa bawuti ya mano ang'ono. Nkhokwezo ndi mapaipi a PVC, koma muzidule pakati n'kumata kukhoma, zathunthu zingadye yadi yonse.

DCC_Biwi walemba:

Kuonjezera pang'ono pa za mayiwa: choko ndi vanishi zisafike popondera mawilo ndi pa timapepala ta mkuwa totola magetsi. Mukamaliza, yalani kansalu konyowa ndi isopropyl pa njanji, mawilo a mbali imodzi akhale pa nsalu, enawo pa njanji, muwazungulitse mutagwira mutu. Mafuta akhale ogwirizana ndi pulasitiki, monga Labelle 108 pa mabering'i ndi girizi wa 106 pa magiya, kadontho ka pa nsonga ya singano. WD-40 ndi oyilo wa galimoto ayi, ndipo mafuta ochuluka ndiwo amamata fumbi.

Nyale ngati ndi za babu musinthe muike LED yoyera mofunda, ndi resistor ya 1k pa waya woyera ndi wachikasu. Ikawala kwambiri kwezani kufika 2.2k. Mwendo wautali wa LED upite ku waya wabuluu.